Makoko a zipolopolo pa khola ku Vubwi: mfuti zimenezi zikuchokera kuti?

Mlimi wa ku Vubwi: Odi pa gulu. Usiku wa Lachiwiri akuba anathyola khola la achimwene anga n'kutenga ng'ombe zinayi, ziwiri mwa izo zolimira. Anaombera m'mwamba kuti anthu asatuluke m'nyumba. Kutacha ana anatola makoko a zipolopolo pafupi ndi khola. Ndawajambula kunsi kwake, onani chithunzicho. Ambiri alembedwa 539 pamwamba, 81 pansi. Awiri alembedwa 811 ndi 08. Alipo angatiuze tanthauzo la manambala amenewa? Kuno aliyense akungoti ndi mfuti za ku Mozambique.

Mayi wa pa Kapata: Pepani kwambiri achimwene. Kubedwa ng'ombe zolimira mvula ili pafupi chonchi n'kumudula manja munthu. Palibe wavulala?

Mlimi wa ku Vubwi: Ayi amayi, onse ali bwino. Koma ana sakugona.

Msilikali Wopuma: Mphwanga, pepani. Choyamba, auzeni anawo asiye kuwagwiragwira, ndipo wina asawatsuke kapena kuwapukuta. Akulungeni m'pepala louma, mupite nawo ku polisi, mukawasonyezenso malo enieni pamene lililonse linagwera. Pa khoko pamatsala timikwingwirima ta mfuti imene yaliombera, ndipo mfuti iliyonse imasiya take take. Tsiku lina mfutiyo ikadzagwidwa ku Chadiza kapena ku Mchinji, makoko amenewa ndi amene adzailumikize ndi khola lanu.

Tsopano za manambala. Zipolopolo za usilikali zimadindidwa kunsi ndi fakitale imene yazipanga. Soviet Union ndi maiko ogwirizana nayo sankalemba dzina la fakitale, ankangoika nambala. 539 ndi fakitale ya ku Tula, ku Russia, ndipo 81 ndi chaka, 1981. 811 ndi fakitale ya ku China, 08 ndi 2008. Mukadzaona 10 dziwani kuti ndi Bulgaria, 270 ndi Lugansk ku Ukraine. Kukula kwake, poyerekeza ndi bokosi la machesi mwaika pambalilo, ndi 7.62 x 39. Zimenezo ndi za AK-47 ndi abale ake.

Mphunzitsi wa ku Chadiza: Ndiye anthu a ku Vubwi sakunama amalume. 1981 ndi m'kati mwenimweni mwa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 October 1992. Achinyamata a pa gulu pano sadziwa kuti nkhondo ija inatifika pakhomo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Matsanga, ndiye kuti a Renamo, ankalumpha malire n'kudzaukira midzi ya kuno ku Chadiza ndi ku Katete, ndipo othawa nkhondo ambiri anawaika ku Ukwimi, m'boma la Petauke. Nkhondo itatha a United Nations anabwera kudzatolera zida, koma mbali zonse ziwiri sizinkakhulupirirana, choncho zambiri anazikwirira kutchire podikira kuti mwina zinthu zivutanso. Kuyambira 1995 apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique ankayenda limodzi kufukula nkhokwe zimenezo n'kuziphulitsa, pa ntchito imene ankaitcha Operation Rachel. Anafukula zambiri, koma dziko lija ndi lalikulu.

Agogo a ku Mlolo: Mwana wanga akundilembera, ine maso anatha. Aphunzitsi akunena zoona. Ife tinkagona kudimba, ana titawamanga kumbuyo, kuopa kuti atipeza m'nyumba. Moto sitinkakoleza. Nkhondo itatha kunabwera njala, ndipo mnyamata wina wa kutsidya anafika pakhomo pathu ndi saka. Anaitanira amuna anga kuseri kwa nkhokwe, n'kumasula. Munali mfuti itapakidwa girisi, ikununkha dothi, thabwa lake la kumbuyo litadyeka ndi chiswe. Ankangofuna chimanga. Amuna anga anamupatsa chimanga chapang'ono n'kumuuza kuti abwerere nayo. Mnyamatayo sanabwerere kwawo, analunjika mudzi wotsatira.

Mayi wa pa Kapata: Agogo, zikomo potiuza zimenezi. Thupi langa lachita tsemwe.

Msilikali Wopuma: Amayi athu anena zimene anaona, ndipo mfuti ngati imeneyo ikhoza kukhala ikulirabe lero. AK sifa msanga. Koma aphunzitsi, bwererani pa chithunzi. Makoko awiri aja ndi a 2008. Nkhondo inali itatha zaka 16 pamene zipolopolo zimenezo zinkatuluka m'fakitale. Sizinakwiriridwe ndi a Matsanga. Zinapangidwa ku China, boma linalake linazigula mwalamulo, zinatsika pa doko, zinalembedwa m'kaundula, zinalowa m'nyumba yosungiramo zida yokhala ndi loko ndi mlonda. Kenako zinapezeka pa khola ku Vubwi. Pakati pa loko uja ndi khola lija pali munthu wamoyo, wa malipiro a pamwezi.

Nkhani ya Mozambique yatizolowetsa ulesi. Tikangoti ndi za nkhondo yakale timakhala ngati tayankha, n'kusiya kufunsa. Mfuti munthu amagula kamodzi, koma zipolopolo zimatha, ndipo wakuba ayenera kubwerera kwa womugulitsa. Wofuna kugwira anthu amenewa atsate zipolopolo.

Mlimi wa ku Vubwi: Amalume, ndiye apolisi angathe kudziwa kuti zinatuluka m'nyumba iti?

Wophunzira Malamulo ku Lusaka: Ndiloleni ndiyankhepo, amalume adzandiwongola. Pa mfuti njira ilipo. Mu 2005 maiko a mu United Nations anagwirizana kuti mfuti iliyonse izidindidwa dzina la woipanga, dziko, ndi nambala yakeyake, ndipo kaundula wa zopangidwa azisungidwa zaka zosachepera 30. Kuno kwathu SADC inali itasainira kale pangano la mfuti ndi zipolopolo ku Blantyre mu 2001. Mfuti ikagwidwa, apolisi amatumiza nambala yake kudzera ku Interpol, amene ali ndi kaundula wa pa kompyuta wotchedwa iARMS. Fakitale imayankha kuti iyi tinagulitsa ku dziko lakuti chaka chakuti. Dzikolo limayenera kunena kuti tinaipereka ku gulu lakuti la asilikali kapena ku sitolo yakuti. Amatsata chonchi kufikira munthu womaliza amene anali nayo mwalamulo, ndipo pamenepo m'pamene pamayambira kafukufuku weniweni.

Vuto ndi lakuti mgwirizano wa 2005 uja unasiya zipolopolo kunja. Khoko la achimwene likunena fakitale ndi chaka basi. Nambala ya mtokoma imakhala pa bokosi, ndipo bokosilo linatayidwa kalekale.

Mlimi wa ku Vubwi: Ndamva. Zili ngati chidindo cha pa ntchafu ya ng'ombe, chimanena khola limene inabadwira koma amene anaidutsitsa malire usiku sichimutchula.

Wophunzira Malamulo ku Lusaka: Ndi momwemo achimwene. Ndipo ngakhale pa mfuti, mapepala amanamizidwa. Fakitale isanagulitse imafuna kalata yochokera ku boma logula yolonjeza kuti zidazi ndi zathu, sitidzapatsa wina. Malipoti a United Nations a chaka cha 2000 anaulula kuti zida za ku Bulgaria zinkafika kwa a UNITA, gulu loukira boma ku Angola, pogwiritsa ntchito makalata otere a dziko la Togo, ndipo ndege zonyamula zinali za Viktor Bout, wogulitsa zida wa ku Russia. Pa pepala zidazo zinali ku Lomé, likulu la Togo, koma zinkaphera anthu ku Angola, pafupi ndi malire athu a kumadzulo.

Wa Njinga ku Mwami: Mabwana, zonsezi ndi za m'maofesi. Ine ndimakhala pa boda tsiku lililonse. Inde anatimangira boda yatsopano ya Mwami ndi Mchinji, a Hichilema ndi a Chakwera anadzaitsegula mu 2022, ndipo mathiraki amasechedwa ndithu. Koma wonyamula chinthu choipa angadzere pa geti chifukwa chiyani? Kuchokera ku Vubwi mpaka ku Lundazi njira za zalewa n'zosawerengeka. Pali munthu nyumba yake ili ku Zambia, munda wake uli ku Malawi. Interpol idzakhala pa mzere uti wa chimanga?

Mayi wa pa Kapata: Achimwene a njinga, samalani ndi kalankhulidwe kameneko. Mukamati zalewa zalewa, mawa apolisi adzagwira ife azimayi a zitenje ndi tomato, n'kutikhuthulira katundu pansi, pamene wa mfuti akudutsa atavala jekete labwino. Ife timadutsa kukaona amayi athu odwala ku Mchinji, timapita ku maliro, ku Kulamba ku Mkaika anthu amabwera kuchokera maiko onse atatu kudzalambira a Gawa Undi. Malire amenewa anadula pakati pa mabanja. Kutseka njira sikungathandize, kungangotizunza.

Wa Njinga ku Mwami: Amayi sindikunena inu. Ndikungoti zinthu zimenezi sizibwera pa thiraki yodzaza ngati ku Angola. Zimabwera imodzi lero, zipolopolo zodzaza dzanja mwezi wamawa.

Msilikali Wopuma: Nonse mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ine ndikulimbikira za loko. Malire a makilomita mazanamazana simungawalondere. Nyumba zosungiramo zida m'chigawo chino cha maiko atatu n'zowerengeka, ndipo iliyonse ili ndi munthu wosunga kiyi.

Wa Gemu ku Mfuwe: Ndawerenga zonse, ndilowepo. Kuno ku chigwa cha Luangwa AK tinaiona kwambiri nthawi ya makolo athu pa ntchito ino, m'ma 1970 ndi 1980, pamene zipembere zinatheratu. Mu 1998 zinalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso chipembere chakuda, ndipo zimene zili ku North Luangwa lero anachita kubweretsa kuchokera ku South Africa kuyambira 2003. Koma masiku ano pa mfuti zimene ife timalanda, zochuluka ndi za gogodela, zosula m'mudzi. Imeneyo ilibe nambala, ilibe fakitale, ilibe khoko lotsala. Palibe kompyuta ingaipeze. Imapezeka ndi anthu otitsina khutu ndi agalu ophunzitsidwa kununkhiza wonga.

Zoopsa kwa njovu ndi mfuti zazikulu za alenje, .375 ndi .458. Zambiri mwa zimenezo zinalowa mwalamulo tsiku lina, ndipo zipolopolo zake zimagulidwa pa laisensi. Wina ali ndi laisensi, amagula, n'kubwereketsa mfuti kwa mlamu wake usiku umodzi. Ku Kruger, malo osungirako nyama zakutchire ku South Africa, ofufuza anatsata mfuti zambiri za opha zipembere n'kupeza kuti zinapangidwa ku Czech Republic, zinalowa ku Mozambique kudzera m'masitolo ovomerezeka, kenako n'kulumpha mpanda. Zambiri nambala anali atazipala ndi tupa. Ndinaonapo katswiri akugwira ntchito pa ina yotere. Pamalo popalidwapo panali posalala, poyera. Anapukuta, n'kupaka mankhwala ndi kathonje, n'kudikira. Pang'onopang'ono manambala anayamba kuoneka motuwa, iye n'kujambula msanga asanazimirirenso. Anatifotokozera kuti chidindo chikamenyedwa chimapsinja chitsulo mpaka m'kati, kupitirira pamene diso likuona.

Mlimi wa ku Lumezi: A gemu, ndakhala chete koma apa ayi. Mwaika gogodela pamodzi ndi AK ya akuba ng'ombe ngati ndi chinthu chimodzi. Bwerani kuno mudzaone. Chibweretsereni njovu 263 zija kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, ife a mbali ino ya malire sitikolola. Njovu sidziwa boda. Imalowa m'munda usiku, pofika m'mawa chimanga cha chaka chonse chili pansi, nkhokwe yagwetsedwa. Anthu afa. Timaimba foni, thandizo limafika dzuwa litakwera. Bambo wokalamba akasunga mfuti ya agogo ake kuti aziombera m'mwamba, mukuti ndi chigawenga?

Wa Gemu ku Mfuwe: Bambo, sindikupeputsa zimene mukukumana nazo. Ndanyamulapo thupi la munthu wopondedwa ndi njovu, ndikudziwa. Koma ndikuuzeni zimene gogodela amachita. Nthawi zambiri njovu saipha, amangoivulaza. Chitsulo chimakhala m'thupi, bala limaola, ndipo njovu yovulala ndi imene imathamangitsa mayi wopita kumadzi. Ndaonanso anyamata opanda zala chifukwa mpope unaphulikira m'manja.

Mlimi wa ku Lumezi: Ndiye tipatseni china chogwira. Mpanda, anthu olondera ogona kuno, chipukuta misozi. Mukalanda mfuti n'kutisiya ndi zitini zomenya, mfuti ina idzasulidwa sabata yomweyo. Wosula alipo, ndipo adzakhalapo malinga ngati munda ukudyedwa.

Wa Gemu ku Mfuwe: Pamenepo sinditsutsa bambo.

Woyang'anira Gulu: Nkhani ya njovu ndi yaikulu, tidzaitsegulira tsiku lake ndipo a ku Lumezi mudzayambe ndinu. Tibwerere ku zipolopolo. Amalume, munati za loko. Tafotokozani.

Msilikali Wopuma: Nthawi yathu tikapita kokaphunzira kuombera, sajeni ankakuwerengera zipolopolo m'manja, iwe n'kusaina. Mukatha, nonse munkagwada mu udzu kutola makoko, n'kuwabweza owerengeka chimodzimodzi. Likasowa limodzi palibe wopita kukadya. Tinkaona ngati nkhanza, koma nzeru yake ndi iyi: munthu asanene kuti ndaombera makumi atatu pamene waombera makumi awiri, zotsalazo zili m'sokosi. Kumene kuwerenga kotere kwafooka, m'dziko lililonse, zipolopolo zimatuluka. Malipiro akachedwa, chipolopolo chimasanduka ndalama.

Ndipo musaganize kuti ndi za asilikali ang'onoang'ono okha. Ku South Africa mkulu wa apolisi, Colonel Christiaan Prinsloo, anagulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinali m'manja mwa apolisi kudikira kuphwanyidwa. Zinapita kwa zigawenga za ku Cape Town ndipo zinapha ngakhale ana. Anamugamula zaka 18 mu 2016. Anagwidwa bwanji? Akatswiri oyeza mfuti anaona kuti zambiri zogwidwa ku Cape Town zinapalidwa nambala mofanana, ngati ndi dzanja limodzi, ndipo anayamba kutsata.

Mankhwala ake alipo. Ku Brazil lamulo limati zipolopolo zogulitsidwa kwa apolisi ndi asilikali zizikhala ndi nambala ya mtokoma pa khoko penipeni. Mu 2011 woweruza milandu, mayi Patrícia Acioli, anaphedwa pakhomo pake. Makoko otsala pamalopo anasonyeza mtokoma umene unaperekedwa kwa apolisi, ndipo apolisi amene anamupha anamangidwa. Makoko a ku Vubwi akanakhala ndi nambala yotere, bwenzi funso la mphwangayu litayankhidwa ndi foni imodzi. Boma likamagula zipolopolo likhoza kuuza fakitale kuti tidindireni. Wogula ndi amene amalamula.

Mphunzitsi wa ku Chadiza: Amalume, chaka cha 2008 chandikumbutsa. Mu April chaka chimenecho sitima ya ku China, An Yue Jiang, inafika ku Durban ndi zida za boma la Zimbabwe, kuphatikizapo zipolopolo za AK pafupifupi 3 miliyoni, chisankho cha kumeneko chili pa mkangano. Ogwira ntchito pa doko anakana kutsitsa, ndipo malemu a Levy Mwanawasa, ali wapampando wa SADC, anapempha maiko a m'chigawo chino kuti asalole sitimayo kutsitsa katundu. Ndimawauza ana a sukulu nkhani imeneyi chifukwa oyamba kukana anali anthu wamba onyamula katundu. Kodi makoko awiri aja sangakhale a m'sitima imeneyo?

Msilikali Wopuma: Ayi aphunzitsi, pamenepo tisathamange. China imagulitsa zipolopolo ku maiko ambiri a mu Africa, ndipo fakitale imodzi imatulutsa mamiliyoni pa chaka. Chidindo chimodzi sichiloza dziko. Chimene chimaloza ndi kuchuluka kwa zolembedwa. Ngati apolisi a ku Chipata, a ku Mchinji ndi a ku Tete atamalemba chidindo cha khoko lililonse lotoledwa, n'kumafananitsa, patapita nthawi angaone kuti 811 ya 08 ikupezeka kwambiri cha kuti, inayamba liti, ndipo ndi gulu liti la boma limene linalandira zoterozo. Bungwe la Conflict Armament Research limagwira ntchito chonchi m'maiko a nkhondo, kujambula khoko limodzilimodzi. Akuluakulu a polisi a m'chigawo chino ali nalo kale bungwe lawo, SARPCCO, lokumaniranamo. Chosowa ndi makoko ofika pa tebulo. Ambiri amathera m'matumba a ana, ena amapangira mikanda ya makiyi.

Wa Njinga ku Mwami: Anthu amaopa amalume. Ukapita ndi khoko ku polisi mafunso amayambira pa iwe. Mnzanga wina anatola chinthu m'ngalande n'kukapereka pa polisi ina, anagona komweko.

Wophunzira Malamulo ku Lusaka: Mantha amenewo ndi enieni, ndipo ndi amene amadyetsa ogulitsa zida. N'chifukwa chake kuyambira 2017 African Union inapatula mwezi wa September kuti munthu wokapereka mfuti yosaloledwa asamangidwe kapena kuimbidwa mlandu. Koma uthengawo sufika kumudzi. Ku Mozambique a mipingo anaona msanga kuti munthu sangapite yekha kwa wovala yunifolomu. Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya chikhristu anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata, osafunsa dzina. Mfutizo ankazidula pomwepo mwini wake akuona, kuti asakayike kuti zikagulitsidwanso. Kuno tili ndi mafumu amene anthu amawamvera, a Mpezeni, a Gawa Undi, ndi anduna awo m'midzi. Njira yodzera kwa iwo ingatulutse zambiri kuposa chipikisheni.

Mayi wa pa Kapata: Mwana wanga, poti wanena zimenezi, ndifunse za munthu wina, sinditchula dzina kapena mudzi. Ndi mayi wamasiye. Amuna ake anamwalira chaka chatha, ndipo pokonza denga anapeza mfuti yaitali itakulungidwa m'chiguduli, ndi kachitini ka zipolopolo. Mapepala ake palibe. Ali ndi zidzukulu m'nyumbamo, ndipo mphwake wina wayamba kale kufunsafunsa za mfutiyo. Akuganiza zokaiponya m'chimbudzi. Achite bwanji?

Msilikali Wopuma: Mlongo wanga, asaiponye m'chimbudzi kapena m'damu, mphwakeyo akaivuula. Asayesenso kuona ngati muli chipolopolo, mfuti yokhalitsa ikhoza kulira mwangozi. Aisiye pomwe ili, atseke chipindacho, ana asalowemo.

Wophunzira Malamulo ku Lusaka: Ndipo asakwere nayo basi kapena njinga kupita nayo ku polisi, akakumana ndi rodibuloko adzavutika kufotokoza. Apite chimanjamanja kwa anduna kapena kwa abusa a mpingo wawo, awauze mmene anaipezera, ndipo iwo amuperekeze kukanena. Apolisi abwere okha kudzaitenga pamaso pa mboni. Apemphe kuti alembe mtundu wa mfutiyo, nambala yake ndi kuchuluka kwa zipolopolo, amupatse kapepala kosainidwa, ndipo anduna asunge nambala yomweyo m'buku lawo.

Mayi wa pa Kapata: Nanga mphwakeyo akadzafunsa?

Msilikali Wopuma: Amuonetse kapepalako. Ndipo asadikire September, mlongo wanga, apite sabata ino.

Mayi wa pa Kapata: Zikomo alongo. Ndimuimbira madzulo ano, ndipo kwa anduna ndimuperekeza ndekha Lachisanu ndikatseka pa msika.